Kutsanzika kwa Mwini Khoka

Nkhani ya lero ikuchokera kumwera kwa Nyanja ya Chilwa, m'boma la Phalombe, kumene mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imakathera m'madambo a njedza ndi bango. Ndi nkhani ya munthu amene afuna kuleka ntchito pamene mwini ntchitoyo sakufuna kuti achoke. Anthu ambiri amati chovuta ndi kupeza ntchito, ndipo sanama, pakuti m'dziko muno ofuna ntchito ndi ochuluka kuposa malo. Koma alipo ena amene angakuuzeni kuti kuisiya ntchito nakonso kuli ndi minga yake, ndi kuti bwana wankhanza savuta kutsanzika monga avutira bwana amene adakuchitira zabwino.

Taganizani za mnyamata wina wa pa doko la Swang'oma. Dzina lake silifunika, popeza anyamata otere alipo pa doko lililonse la nyanjayi, kaya ku Kachulu, ku Mposa kapena ku Namanja. Iyeyu wagwira ntchito pa khoka la mkulu wina kwa zaka zisanu. Adayamba ali wokapa madzi m'boti, kenaka adakhala wokoka chingwe, ndipo lero ndiye bilamani wa pa khokalo. Amene sadafikeko ku Chilwa ayenera kumvetsa ntchito imeneyi. Nyanjayi si yakuya. M'malo ambiri madzi sapitirira mamita awiri, ndipo pansi pake ndi thope lokhalokha. Khoka likaponyedwa, chingwe chake chapansi chimatitimira m'thopemo kapena kukodwa m'udzu. Bilamani ndiye amamira, wopanda chida chilichonse chopumira, kukachikonza ndi manja ndi mapazi kuti khoka liyende bwino ndi kuti matemba asathawire pansi. Amatero kambirimbiri pa khoka limodzi, m'madzi oti munthu sangaone ngakhale chala chake, m'chisanu cha Juni ngati m'dzuwa la Okutobala. Khoka lopanda bilamani wodziwa limabwera ndi matope ambiri ndi nsomba zochepa. N'chifukwa chake munthu wotere bwana wake samutaya wamba.

Tsono mnyamata uja watopa. Makutu ayamba kumuwawa, chifuwa sichimusiya, ndipo likodzo wamwera mankhwala kawiri. Kwa milungu yambiri amagona m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pamwamba pa njedza zoyandama m'kati mwa nyanja, kumene madzi akumwa ndi omwewo otayamo zonyansa. Si pachabe kuti m'chaka cha 2016 a zaumoyo adachita kukonza njira yapadera yofikitsira katemera wa kolera kwa asodzi a m'zimbowerazo. Chaka chatha mnyamatayu adakwatira, ndipo kuchikamwini kwake apongozi amuonetsa munda woti alime chimanga ndi nandolo, ndi kachigawo ka mpunga kudambo. Mtima wake wachoka pa nyanja.

Madzulo ena avala malaya ochapa, napita kunyumba kwa mwini khoka. Aodira, apatsidwa mpando koma iye akhala pansi, ndipo atalonjerana anena chimene wadzera.

"Bambo, ndabwera kudzatsanzika. Nyanja ikatsekedwa mu Disembala ine ndipita kumunda, ndipo ikadzatsegulidwa sindidzabweranso pa khoka."

Mkulu uja akhala chete nthawi yaitali, maso ali pansi. Kenaka afunsa funso limene lagonjetsa anyamata ambiri.

"Kodi ndakulakwira chiyani, mwana wanga?"

"Palibe chimene mwandilakwira, bambo."

"Nanga ngati palibe, uchokeranji? Muja mayi ako adadwala usiku, adalipira galimoto ndani? Malata ali pa nyumba yako aja adagula ndani? Ine ndimakuyesa mwana wa m'nyumba muno. Ngati ndi ndalama, nena. Kuyambira mawa gawo lako ndikuwonjezera."

Mnyamata asowa chonena, chifukwa zonse zimene mkuluyo wanena ndi zoona. Adzuka atangoti, "Ndikaganize, bambo." Mawu amenewa, akuti ndikaganize, asunga anthu ambiri zaka ndi zaka pa ntchito imene mtima wawo udaitsanzika kale. Ndipo kusanache bwino uthenga wafika kwa amalume ake a mnyamatayo, amene amuitanitsa namuuza kuti: "Mphwanga, usatichititse manyazi. Kupatsa n'kuika. Munthu uja adaika mwa iwe, lero ufuna kumusiya manja ali m'khosi?"

Funso la mwini khoka lija silimveka ku nyanja kokha. Amalimva mnyamata wogulitsa m'sitolo pa Migowi kapena pa Chiringa, mtsikana wolera ana m'nyumba ya anthu ku Zomba, mphunzitsi wa pa sukulu yoyima payokha, woyendetsa galimoto, ngakhale kalaliki wa mu ofesi ku Blantyre. Mawu amasiyana, koma mtima wake ndi umodzi: ndakulakwira chiyani? Funsoli lili ndi msampha, ngakhale wolifunsa sadziwa kuti watchera. Limasandutsa kuleka ntchito kukhala mlandu, ngati kuti munthu sangachoke pokhapokha atalakwiridwa. Wofunsidwayo akalephera kutchula cholakwa, amadziona ngati alibe chifukwa chochokera, pamene chifukwa ali nacho, ndipo chili m'thupi mwake ndi m'banja mwake.

Mwini khoka naye ayenera kumvedwa. Khoka la matemba ndi boti la matabwa ndi chuma chachikulu, ndipo ambiri amazipeza ndi ngongole. Pa khoka limodzi pamadya mabanja ambiri: okoka, opalasa, amayi oyanika nsomba, ndi ogula amene amazitengera ku misika ya ku Limbe ndi Mulanje. Bilamani saphunzitsidwa mlungu umodzi. Mkuluyo akamadandaula sakuchita chinyengo. Akuona chaka chake chikugwa. Kupempha wantchito wabwino kuti akhale si kulakwa, ndipo ndi ulemu kwa wopemphedwayo. Bwana amene angoyankha kuti "pita bwino" asadafunse kanthu amakhala wakuuza kuti sadakuwerengere. Vuto limayamba pamene kupempha kusanduka kumanga, ndipo malire a ziwirizi ndi opyapyala kwambiri. Chingwe chomangira kawirikawiri chimakhala thandizo losawerengedwa, loti wolandira sadziwa ngati idali mphatso kapena ngongole, ndipo wopereka sadanene. Likhala mphatso masiku onse amene wantchito ali phee, nkusanduka ngongole tsiku lotsanzika. Nthawi zina chingwe chimakhala malipiro amene bwana amati "ndikukusungira", ndipo wosungitsayo amadziwa kuti akachoka mwaphuma sadzawaona.

Anthu a ku Phalombe ali ndi chifukwa chodziwira bwino kusiyana kwa kuthandiza ndi kumanga, pakuti makolo awo adakuona ndi maso. Mawu akuti thangata poyamba adali okoma. Munthu akachulukidwa ndi ntchito ya kumunda ankafulula mowa kapena thobwa naitana anansi kuti amuthangate, ndipo mawa iyenso ankakathangata mnzake. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Azungu atatenga malo aakulu m'madera a Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, mawuwa adasanduka dzina la ntchito imene munthu ankagwira polipira malo amene wamangapo nyumba. M'nyengo yomweyo Alomwe ambiri adali kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo ambiri a iwo adadutsa m'chigwa chomwechi, pakati pa phiri la Mulanje ndi Nyanja ya Chilwa. Alendowa adalibe malo awoawo. Eni maesiteti adawalandira ndi manja awiri: malo ndi awa, mangani, limani, msonkho wa nyumba tikulipirirani ku boma, inu muzingotithangata. Pakamwa udali mwezi umodzi wolipira malo ndi mwezi wina wobweza msonkho. Kumunda mweziwo sunkatha. Masiku ankalembedwa pa tikiti, ndipo tsiku limene kapitao wanena kuti ndime sidathe silinkalembedwa. Miyezi iwiri inkatalika kufika inayi kapena kuposa, m'nyengo ya mvula, pamene munda wa mwini thupi ukumera udzu. Wofuna kuchoka ankadziwa kuti asiya nyumba, mbewu ndi manda a ana ake, ndipo kopita alibe.

Kampani ya A. L. Bruce, imene idali ndi esiteti yaikulu ku Magomero ndi ina ku Likulezi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, idatchuka ndi mchitidwe umenewu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Mbusa John Chilembwe adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero, ndipo bungwe limene boma la atsamunda lidakhazikitsa kuti lifufuze za kuukirako lidavomereza kuti anthu pa esitetiyo ankazunzidwa. Komabe thangata sidathe pomwepo. Lamulo la 1928 lidalola kuti munthu alipire malo ndi ndalama kapena mbewu m'malo mwa ntchito, koma lidasiyira eni malo mphamvu yothamangitsa ena mwa anthu awo. Padapita zaka zambiri za madandaulo ndi zipolowe, monga za ku Thyolo mu 1953, kufikira 1962 pamene thangata adathetsedwa ndi lamulo, kutatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu. Mu 1979 katswiri wina wa ku Malawi konkuno, J. A. K. Kandawire, adasindikiza buku la nkhaniyi, ndipo mutu wake womwe udali funso: kodi thangata idali ntchito yokakamiza kapena kuthandizana? Funsoli silidakalambe.

Silidakalambe chifukwa mchitidwewo udavula malaya ena nuvala ena. Ufulu utabwera, zidzukulu za anthu omwewa zinkakwera malole kuchokera ku Phalombe, Mulanje ndi Thyolo kukalima fodya ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba monga matenanti. Mwini esiteti ankawapatsa chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole, nadzadula zonse pogula fodya wawo kumapeto a chaka. Amene watsala ndi ngongole sakadachoka. Ankayamba chaka china ali womangidwa kale. Padafika mpaka 2021 kuti Nyumba ya Malamulo isinthe lamulo la zantchito ndi kuletsa ulimi wa matenanti.

Wina asamve ngati mwini khoka wa ku Swang'oma akufanizidwa ndi mwini esiteti wa masiku aja. Kutalitali. Mkuluyu adadzukadi usiku kukafuna galimoto, ndipo adatero chifukwa cha chifundo. Amadya nsima imodzi ndi anyamata ake, maliro akagwa amakumba nawo manda. Koma mbiri ija ikuonetsa chinthu chimodzi chimene iye ndi mnyamata wake ayenera kuchiopa pamodzi: thandizo limene lilibe malire odziwika silichedwa kusanduka goli, ngakhale m'manja mwa munthu wabwino. Amalume aja sadaname kuti kupatsa n'kuika. Koma choikidwa chimatengedwa, ndipo chikatengedwa nkhani imatha. Choikidwa chimene chikhala chikutengedwa chaka ndi chaka osatha chili ndi dzina lina, ndipo agogo a ku Likulezi adalidziwa.

Nanga malamulo a dziko akuti bwanji? Malamulo aakulu a dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, m'ndime 27 amaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndiponso ntchito yomangirira munthu mofanana ndi ukapolo. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limafotokoza njira yosiyirana. Pa ntchito yopanda nthawi yoikika, aliyense wa awiriwo, bwana kapena wantchito, angathe kuthetsa mgwirizano pomudziwitsa mnzake ndi kalata nthawi isanakwane. Wolandira malipiro pa mwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pa mlungu, ngati sadakwanitse zaka 2 pa ntchitoyo, amapereka mlungu umodzi. Wa zaka 2 mpaka 5 amapereka milungu iwiri. Wopitirira pamenepo mwezi umodzi. Wolandira pa tsiku, ngati sadathe miyezi 6, tsiku limodzi limakwana, ndipo nthawiyo imakula monga zaka zake zikulira, kufikira mwezi umodzi kwa wa zaka 5. Amene afuna kuchoka msanga angathe kulipira ndalama ya masiku a notisiwo m'malo mowagwira. Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: lamulo limati mnzakoyo adziwitsidwe, silinena kuti avomereze. Bwana amene abweza kalata nati "sindikuilandira" saimitsa masiku. Masiku amayenda kuchokera tsiku limene adailandira m'manja, ndipo wanzeru amasunga kalata ina yofanana nayo.

Lamulo lomweli limati malipiro onse otsala aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, ndi kuti wantchito akapempha apatsidwe chikalata chosonyeza ntchito imene adagwira ndi nthawi yake. Ndalama za penshoni zimene zidasonkhedwa m'dzina lake ndi zake ndithu, ngakhale wachoka yekha. Koma asanamizidwe: woleka mwa kufuna kwake salandira ndalama ija amalandira munthu wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa. Ndipo amene adasaina mgwirizano wa nthawi yoikika, kapena adaphunzitsidwa sukulu ndi ndalama za abwana ake nalonjeza kuwagwirira zaka zakutizakuti, nkhani yake ndi ina. Ayambe wawerenga bwino pepala lake. Pakabuka mkangano, ofesi ya zantchito ya m'boma ndiyo poyambira, ndipo ikalephera pali bwalo la milandu ya anthu apantchito.

Zimenezo ndi za anthu okhala ndi mapepala. Pa doko mapepala ndi osowa. Mgwirizano wa mwini khoka ndi anyamata ake ndi wa pakamwa: nsomba zikagulitsidwa mwini atenga gawo lake, lotsala agawana ogwira ntchito. Palibe kalata yolowera, choncho palibenso amene amaganiza za kalata yotulukira. Koma mtima wa lamulo uja ndi wosavuta kuutengera ku doko, chifukwa sutsutsana ndi mwambo. Mwambo nawo umadziwa kutsanzika, umadziwa mboni, ndipo umadziwa kuti ngongole imawerengedwa pamaso pa anthu.

Pali chinthu china chimene Nyanja ya Chilwa imaphunzitsa aliyense wokhala m'mbali mwake. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi; imadalira mvula ndi mitsinje yothiramo, ndipo madzi ake amachoka ndi dzuwa. Mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, nyanja imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi 2018 madzi adabwerera kutali kotero kuti maboti adatsala pa thope long'aluka. Kale, pa zaka zabwino, nyanjayi inkapereka nsomba imodzi mwa zinayi kapena zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko muno, matemba, makumba ndi milamba. Pa zaka zoipa sipereka kanthu. Tsono funsani akuluakulu amene adaona 1995: kodi eni makoka adatani ndi anyamata awo? Adapinda makoka nawauza kuti aliyense aone kolowera. Ena adapita ku Chiuta, ena ku Malombe ndi ku Mangochi, ena adawoloka malire kunka ku Mozambique, ena adabwerera ku khasu. Palibe amene adapereka notisi, ndipo palibe mnyamata amene adafunsa bwana wake kuti ndakulakwirani chiyani. Onse adamvetsa kuti munthu sangadyetse anthu khumi pa khoka louma. Eni makokawo sadalakwe. Koma ngati kuphwa kwa nyanja kumamasula bwana popanda mlandu, kuphwa kwa mphamvu m'chifuwa cha bilamani kuyenera kumasula iyenso popanda mlandu. Mawu aja akuti "mwana wa m'nyumba muno" ndi okoma, ndipo mwina ndi ochokera pansi pa mtima, koma chilala chidaonetsa kuti chimene chimagwirizanitsa awiriwa ndi nsomba.

Nanga gawo lowonjezera lija? Apa mnyamata ayenera kudzifunsa moona chimene chikumuchotsa. Ngati ndi kuchepa kwa ndalama kokha, palibe manyazi kukhala pansi ndi kumvana, ndipo ambiri apindula motero. Koma lonjezolo linenedwe pamaso pa anthu, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo loperekedwa madzulo munthu ali ndi mantha limaiwalika nsomba zikayamba kusowa. Adzifunsenso kuti ndalama zimene zapezeka lerozi zidali kuti zaka zisanu zonsezi. Mwina bwana sadali kudziwa mtengo wa munthu wake kufikira tsiku lomutaya, ndipo zimenezi zimachitika kwa anthu abwino omwe. Koma ngati chomuchotsa ndi makutu, chifuwa ndi banja, ndalama siziyankha funsolo. Gawo lowonjezera silitseka khutu lotuluka mafinya, ndipo silipalira munda wa apongozi. Palinso ichi, chimene ochepa amachiganizira: wotsanzika amene wabwezedwa sabwerera pa malo ake akale. Bwana wadziwa tsopano kuti mtima wa munthuyu uli panjira, ndipo ngati ali wochenjera ayamba kuyang'ana wina mwakachetechete. Anzake a pa khoka nawo adziwa kuti iye akulandira zambiri chifukwa adaopseza, ndipo m'boti simukhalanso monga kale.

Choipa kwambiri ndi njira imene anyamata ambiri amatenga chifukwa choopa maso a bwana: kuthawa usiku. Munthu alandira ndalama ya patsogolo, nanena kuti akukaona odwala, osabweranso; mawa amveka ali pa khoka la wina ku Chinguma kapena kutsidya kwa malire. Wotereyu amaononga dzina lake, amasiya amalume ake pa mlandu, ndipo amaumitsa mtima wa eni makoka kwa anyamata otsala. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pa nyanja yaing'ono ngati Chilwa mlomo umafika pa doko lina boti lisanafike. Bodza nalo silithandiza. Wonama kuti akuchoka chifukwa mkazi akudwala adzapatsidwa ndalama ya kuchipatala, ndipo adzapezeka wamangidwa ndi chingwe chatsopano chimene wapota yekha. Chifukwa choona, chonenedwa kamodzi mwaulemu ndi kubwerezedwa chomwecho nthawi iliyonse pamene afunsidwa, n'chovuta kuchigonjetsa. Amene abwera ndi chifukwa chatsopano tsiku lililonse amapatsa mnzake ntchito yozithetsa chimodzichimodzi.

Mnyamata wa ku Swang'oma uja adachita bwino pa chinthu chimodzi asadadziwe n'komwe za lamulo: adasankha nthawi. Makoka amaletsedwa pa nyanjayi kuyambira mu Disembala, m'miyezi ya mvula pamene nsomba zikuswana, ndipo iye adanena mawu ake kudakali milungu ingapo. Sadasiye bwana wake pakati pa nyengo ya matemba, khoka lili m'madzi. Chimene chidamutsalira ndi kumasula thandizo lija, kuti chimene chili ngongole chidziwike, ndi chimene chili mphatso chithokozedwe. Ntchito yotere munthu saigwira yekha. Kuyambira pamene nyanja idaphwa mu 1995, m'madoko a Chilwa mudakhazikitsidwa makomiti a asodzi ogwira ntchito pamodzi ndi mafumu ndi alangizi a boma a zansomba. Ntchito yawo yaikulu ndi kusunga malamulo a usodzi, koma anthu ake ndi odziwika pa doko, ndipo mawu onenedwa pamaso pawo sasowa.

Choncho patapita masiku atatu mnyamatayo apita kaye kwa amalume ake. Sakangana nawo za mwambi uja. Angowapempha kuti amuperekeze, kuti chimene mkulu uja adaika chikawerengedwe iwo akumva, ndi kuti manyazi amene akuwaopawo asadzapezeke. Amalume, amene adali okonzeka kukalipa, asowa pokanira, pakuti mphwawo sakuthawa ngongole. Atenganso mkulu mmodzi wa m'komiti ya pa doko, ndipo atatuwo akaodira kwa mwini khoka dzuwa litapendeka.

Ayamba kuyankhula ndi amalume, monga mwa mwambo. Athokoza chifukwa cha zaka zisanu zimene mwana wawo wadya m'nyumbamo, nanena kuti mwanayo watsimikiza mtima. Mwini khoka ayesanso kachiwiri, tsopano mofatsa.

"Mwana wanga, ndipatse chaka chimodzi chokha. Chimodzi basi, ndipeze wina."

"Bambo, chaka chimodzi makutu anga salola. Koma masiku atsalawa ndi anu. Mundionetse amene mufuna, ndimuphunzitse zonse zimene ndidziwa. Ndipo ndapempha amalume ndi akuluwa abwere kuti munene chimene ndili nacho kwa inu, ndisachoke ngati mbala."

Apa mkulu uja apuma mozama, chifukwa funsoli nalo ndi lolemera kwa iye. Kwa zaka zonsezi sadasiyanitse mumtima mwake chimene adapereka ndi chimene adabwereketsa, ndipo tsopano ayenera kutero anthu akumva. Ayamba ndi malata. Awerenga mtengo wake, achotsapo zimene adadulapo kale pa magawo a mnyamatayo, ndipo chotsala chinenedwa mokweza. Mkulu wa komiti achilemba m'kabuku kake. Agwirizana kuti theka lidulidwe pa nsomba za masiku otsalawa, ndipo theka lina lidzaperekedwe nandolo akadzagulitsidwa. Kenaka mnyamata atchula yekha za galimoto ya usiku uja.

"Zimenezo usazitchule," atero mwini khoka, mawu ali okwiya pang'ono. "Ukundiyesa munthu wotani? Adali mayi anganso aja. Musalembe zimenezo."

Amalume aomba m'manja. Mkulu wa komiti atseka kabuku. Mwini khoka sakondwa, ndipo sabisa; anena poyera kuti chaka chamawa chidzamuvuta, ndi kuti achinyamata a masiku ano sapirira monga ankapiririra iwo. Palibe womuyankha. Pomaliza aitana kamnyamata kena kamene kamakapa madzi m'boti, mdzukulu wa mlongo wake, nakaloza ndi chibwano.

"Ndi uyu. Ali ndi mantha ndi madzi akuda, koma mpweya amausunga. Uyambe naye mawa."

M'milungu yotsiriza ya Novembala, pamene mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Michesi, anthu a pa khokalo aona bilamani akumira ndi kamnyamata kaja pambali pake, akukagwira dzanja kukaonetsa pamene chingwe chimakonda kutitimira, ndi m'mene phazi limachinyamulira osadzutsa thope lambiri. Tsiku loyamba katuluka kakutsokomola, kakulira kuti kabwerere kokapa madzi. Pofika mlungu wachitatu kamira kokha kawiri, ndipo mwini khoka, ali chiimire kumutu kwa boti, awerenga chamumtima kufikira mutu wake utatulukira.